Chilungulira pa mimba: kadyedwe ndi kagonedwe koti usiku muzipeza tulo

Mng'ono wanga atabwera kudzakhala nafe kuno kufupi ndi pa Kamwendo ku Mchinji, mimba yake yachisamba italowa mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndinkamva chitseko chikutseguka pakati pa usiku. Ndikatuluka ndinkamupeza ali khale pakhonde, watsamira chipupa, dzanja lili pachifuwa, akulavula malovu owawasa. "Asisi, pamtima pano pakuyaka moto. Ndikangoti ndigone, madzi owawa akufika kukhosi," ankatero. Inali nyengo yokumba mtedza. Tinkaweruka kumunda mochedwa, nsima n'kupsa cha m'ma 8 koloko usiku, ndiwo zake nkhwani wotendera wothira nsinjiro mosaumira, ndipo tikangosamba m'manja aliyense ankalunjika kukagona. Iye ankagona chagada, ati m'chiuno mukuwawa. Zonsezi sizinali zachilendo kwa ine. Ndabereka ana atatu, ndipo chilungulira chinandisowetsa tulo mpaka nditaphunzira zimene ndikulembazi.

Chakudya chikatsika kummero chimalowa m'chifu kudzera pa kakhomo kamene kamadzitseka kokha, ngati kukamwa kwa thumba lomanga ndi chingwe. M'chifumo muli asidi wogaya chakudya. Mayi akaima, thupi lake limapanga timadzi tambiri totchedwa progesterone, timene timafewetsa minofu kuti chiberekero chisunge mwana osamukankha nthawi isanakwane. Timadziti sitisankha: timafewetsanso kakhomo ka chifu kaja, komanso timachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu. Kenako mwana akamakula, chiberekero chimakwera n'kumapanikiza chifu kuchokera pansi. Thumba lodzadza, lomasuka kukamwa, wina n'kumalifinya, za m'kati sizingalephere kukwera. N'chifukwa chake amayi ambiri chimawakulira kuyambira masabata 27 kupita m'tsogolo, ngakhale ena chimawayamba mimba ili yaing'ono.

Agogo athu amati chilungulira ndi tsitsi la mwana likukanda pamtima. Tsitsi silingafike pamenepo, mwana ali m'chiberekero mwake motsekeka. Komabe agogowo sanaphonye kwenikweni. Mu 2006 akatswiri a ku Johns Hopkins ku America anatsatira amayi oyembekezera 64, ndipo ambiri mwa amene chilungulira chinawavuta kwambiri anaberekadi ana atsitsi lambiri. Akatswiriwo anaganiza kuti timadzi timene timamasula kakhomo ka chifu ndi tomwenso timathandiza tsitsi la mwana kumera. Chimene ine ndimakana ndi mawu amene amatsatirapo, akuti "ingopirirani, chidzatha mukadzachira". Kutha chidzathadi, koma miyezi itatu yosagona si yochepa kwa munthu amene kukacha akufunika kumunda, kumjigo ndi pamoto.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi chilunguliradi

Chilungulira chenicheni chimatentha kuseri kwa fupa la pachifuwa n'kumakwera cha kukhosi. Chimabwera mukadya, mukawerama kapena mukagona, ndipo mukakhala tsonga n'kumwa timadzi pang'ono chimachepa. Koma pali ululu wina umene umanamizira chilungulira chonsecho ndi woopsa. Umamveka pamwamba pa mimba, m'munsi mwa nthiti makamaka chakumanja, suyendera chakudya, ndipo sumva mankhwala a chilungulira. Kawirikawiri umabwera ndi mutu waukulu wosamva Panado, kuona chimbuuzi kapena timoto tong'anima m'maso, kusanza, ndi kutupa kwadzidzidzi kwa nkhope ndi manja. Amenewa ndi matenda othamanga magazi a pa mimba, amene achipatala amati pre-eclampsia. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo akalekereredwa mayi amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu, moyo wake ndi wa mwana n'kukhala pachiswe.

Mnzanga wina wa kumpingo anatha masiku awiri akunyambita phulusa, ati ndi chilungulira. Chinamupulumutsa ndi mphete yaukwati imene inakana kuvuka pachala. Apongozi ake ataona mmene manja anatupira sanadikire kuti kuche, anaitanitsa njinga yamoto ya kabaza usiku womwewo. Kuchipatala atamuyeza anapeza BP ili pamwamba zedi, anamugoneka, ndipo lero mwana uja ali ku pulayimale. BP ya mayi woyembekezera ikafika 140/90 kapena kuposa apo, si nkhani yapakhomo ayi. Choncho mukakayika, pitani, kaya ndi pachipatala chaching'ono chakwanuko, kaya ku Guilleme, ku Kapiri, kapena kuchipatala cha boma ku Mchinji. Kuyeza BP ndi mkodzo sikutenga nthawi.

Pitaninso tsiku lomwelo ngati mukusanza magazi kapena zinthu zakuda, ngati chimbudzi chili chakuda bii ndi chomata ngati phula, ngati chakudya chikukakamira pakhosi, ngati pachifuwa pakupweteka mpaka kubanika, ngati mukuonda chifukwa chilichonse chimene mwadya chikubwerera, kapena ngati mwana wasiya kugunda mmene amachitira masiku onse. Dziwani kuti mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo aja amadetsa chimbudzi, ndipo pa kudako pokha palibe choopsa. Choopsa ndi chimbudzi chomata, chonunkha modabwitsa, thupi lili lofooka.

Ngati zonsezi palibe, ndiye tiyeni ku nkhani ya mphika.

Kokerani mgonero kumasana

Pa zonse zimene ndinayesa, ichi ndi chimene chinasintha zinthu kwambiri, komanso ndi chimene chimavuta kwambiri kutsatira. Pakati pa chakudya chomaliza ndi kugona pazikhala maola atatu. Ngati mumagona 9 koloko, pofika 6 koloko mukhale mutasamba kale m'manja. Kumudzi kuno sitidya nthawi imeneyo. Timadikira abambo abwere kumsika, ana abwere ndi mbuzi, ndipo poti magetsi kulibe, mbale zikangochoka timakagona nsima ili pakhosi.

Ife tinachita chonchi. Nsima yaikulu ya mng'ono wanga tinaiika masana. Madzulo ndiwo ndinkaphika msanga, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, n'kumuphikira kansima kake m'kapoto kakang'ono, iye n'kudya yekha cha m'ma hafu pasiti 5. Enafe tikamadya nthawi yathu, iye ankakhala nafe pamkeka kumacheza basi. Poyamba ankachita manyazi kudya ena asanadye, ndipo mlamu wanga atabwera kudzamuona anadabwa nazo. Abambo amene mukuwerenga, musaone ngati mwano mayi akadya inu musanafike. Ndi mankhwala amenewo, ndipo ndi aulere.

Kachiwiri, gawani chakudya. M'malo modya kawiri patsiku mpaka kupuma movutikira, idyani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pang'onopang'ono. Tsiku likhoza kuyenda chonchi: m'mawa phala la mgaiwa lothira ufa wa soya, cha m'ma 10 koloko nthochi kapena papaya, masana nsima mitanda iwiri ya usipa ndi masamba, cha m'ma 3 koloko dzira lowiritsa kapena chimanga chophika, madzulo mtanda umodzi wa nsima ndi ndiwo zosachuluka mafuta. Ndimvetseni bwino apa: sindikunena kuti muchepetse chakudya cha tsiku lonse. Ndaona amayi ena akusiyiratu kudya madzulo poopa chilungulira, masananso osawonjezera, mapeto ake magazi kuchepa ndi chizungulire. Chakudya ndi chomwecho, kungochimwaza m'tsiku.

Podya khalani pampando kapena pakhonde msana uli chilili, osati pansi mutapinda miyendo n'kuweramira mbale, chifukwa mukatero mwayamba kale kufinya chifu. Mbamu zikhale zazing'ono, ndipo tafunani, musathamange. Madzi imwani ambiri, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, koma muziwamwa pakati pa chakudya china ndi chinzake. Chikho chodzadza pamwamba pa nsima chimangodzadzitsa thumba lija. Njala ikakupwetekani usiku, nthochi imodzi kapena mkaka theka la kapu ndi zokwanira, kenako khalani tsonga kwa kanthawi musanagonenso.

Pezani chakudya chimene chikukuputani

Anthufe timasiyana. Wina amadya kambuzi osamva kanthu, wina tomato yekha wamutentha. Koma mdani wa ambiri ndi mafuta, chifukwa amachedwa kuchoka m'chifu ndipo amamasulanso kakhomo kaja. Kwa ife a ku Mchinji apa ndiye povuta, popeza pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta. Nsinjiro m'ndiwo, nsinjiro m'phala, chiponde, futali, mtedza wokazinga wotafuna pocheza madzulo, zonsezi ndi mafuta ngakhale simunathire dontho la mafuta ogula. Sindinganene kuti musiye mtedza. Ndi chakudya chomanga thupi chimene mwana akuchifuna, ndipo tili nacho m'nkhokwe osagula. Ingousunthani: zotendera zikhale za m'mawa ndi masana, zamadzulo zikhale zongowiritsa ndi tomato pang'ono.

Tsiku la msika ndi limene limagwetsa ambiri. Tchipisi cha pachiwaya, kanyenya wa nkhumba, mandasi, zitumbuwa, kenako botolo la chakumwa cha gasi potsitsira. Usiku umenewo musayembekezere tulo. Zina zoyenera kuzikayikira ndi tsabola, anyezi wosaphika, mandimu, malalanje, chinanazi, thobwa logonetsa limene layamba kuwawasa, khofi ndi tiyi wamphamvu. Mbatata nayo aliyense amaidziwa mbiri yake. Njira yopezera wolakwa ndi yosavuta: siyani chinthu chimodzi kwa masiku atatu n'kuona ngati pali kusintha. Musasiye zonse nthawi imodzi, chifukwa simudzadziwa chimene chimakuputani, ndipo mudzatsala ndi nsima yokha.

Za tiyi ndiwonjezere kamodzi. Kupatula chilungulira, tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, kuchokera m'chakudya ndi m'mapiritsi owonjezera magazi, choncho asamayendere limodzi ndi mapiritsiwo. Mowa ndi fodya, kaya wosuta kaya wapamphuno, apo palibe zokambirana. Zimamasula kakhomo ka chifu, ndipo zimapweteka mwana. Ngati abambo amasuta, azikasutira panja.

Mukadya, thupi likhale chilili

Mukatha kudya musagone, ngakhale masana pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Khalani tsonga kapena yendani pang'onopang'ono pabwalo. Ntchito zowerama, monga kusesa ndi tsache lalifupi, kuchapa m'beseni lili pansi, kupalira, kutola mtedza, muzizigwira musanadye kapena patapita nthawi. Beseni liikeni pampando. Tsache limangirireni ku ndodo. Potola chinthu pansi pindani maondo, musapinde mimba. Ndipo taonani pamene mwamanga chitenje. Ambiri mimba ikakula timachikweza n'kuchimanga zolimba pamwamba pa mimba, pamalo enieni pamene pali chifu. Chimasuleni, kapena valani diresi lotaya.

Konzani pogona

Madzi sakwera phiri. Chifuwa chikakhala pamwamba kuposa mimba, asidi amavutika kukwera. Ngati muli ndi bedi, kwezani miyendo iwiri ya kumutu ndi masentimita 10 mpaka 20. Njerwa zootcha ziwiri zogoneka pansi pa mwendo uliwonse zimakwana, kapena chipika chophwatalala. Musanagonepo ligwedezeni bedilo muone ngati lakhazikika. Njerwa yong'aluka isakhalepo.

Ngati mumagona pamatiresi oyala pansi kapena pamphasa, tengani thumba laukhondo, ikanimo zovala zakale, liphwatalatseni kuti mbali ina ikhale yokwera ina yotsika, n'kulilowetsa pansi pa matiresi kumutu. Bulangete lopinda kapena mkeka wakale wokulunga umagwiranso ntchito. Chofunika ndi choti chitunda chiyambire m'chiuno kukafika kumutu, thupi likhale lowongoka koma lopendekeka. Kuunjika mapilo atatu pansi pa mutu si njira. Kumangokweza mutu wokha, thupi n'kupindika pamimba, chifu n'kufinyika kuposa poyamba, m'mawa n'kudzukanso ndi khosi lopweteka. Ine pa mimba yoyamba ndinatha mwezi wathunthu ndikuchita zimenezi, ndikudabwa kuti bwanji sizikuthandiza.

Mukakweza bedi, onaninso neti. Kawirikawiri imafupika mbali ina n'kusiya mpata. Tsitsani chingwe kuti ifike ndi kupisika pansi pa matiresi mbali zonse. Chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri pa mng'ono wanga sichinali chilunguliracho, koma kukhala pakhonde pakati pa usiku udzudzu ukumudya. Malungo pa mimba amachepetsa magazi, amabweretsa mwana wonyentchera, ndipo amapha. Ngati mukufuna kukhala tsonga usiku, khalani m'kati mwa neti mutatsamira chipupa.

Gonerani kumanzere

Chifu sichili pakati pa mimba. Chinapendekera kumanzere, ndipo kakhomo kolowera chakudya kali pamwamba chakumanja kwake. Ganizirani ketulo ya madzi theka. Mukaipendeketsa mlomo wake uli m'mwamba, madzi amasonkhana kutali ndi mlomowo. Mukaipendeketsa mbali inayo, madzi amathamangira kumlomo. Mukagonera kumanzere, asidi amadikha m'munsi mwa chifu, kakhomo kali pamwamba pake. Mukagonera kumanja, asidi amakhala pakhomo penipeni, ndipo kakhomoko n'komasuka kale. N'chifukwa chake munthu yemweyo, atadya chakudya chomwecho, akhoza kugona bwino usiku wina n'kuvutika usiku wina.

Nkhani ya chagada ndi yaikulu kuposa chilungulira, ndipo ndikufuna muimve bwino. M'mbali mwa msana, chakumanja, mumadutsa mtsempha waukulu umene umabweza magazi kumtima kuchokera kumiyendo ndi m'chiuno. Mimba ikakula, mayi n'kugona chagada, kulemera kwa mwana, madzi ake, nsengwa ndi chiberekero kumatsamira pamtsempha umenewu. Magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo opita kwa mwana amachepanso. Amayi ena amamva chizungulire, nseru ndi thukuta lozizira akagona chonchi, koma ena samva chilichonse. Kafukufuku wa ku New Zealand, Australia ndi Britain anapeza kuti mimba ikakwana masabata 28, amayi amene amayamba tulo ali chagada ali pachiopsezo choposa kawiri chobereka mwana wakufa kale, poyerekeza ndi amene amayamba tulo ali cham'mbali. Masabata 28 ndi pamene muli m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Ngati simukudziwa pamene mimba yanu yafika, anamwino amalemba m'buku lanu la ku sikelo, afunseni akuonetseni.

Izi zisakusowetseni tulo tomwe tikufuna tija. Chimene kafukufukuyo anayang'ana ndi mmene mayi amagonera poyamba tulo, chifukwa umo ndi mmene munthu amakhalitsa. Mukadzidzimuka usiku n'kupeza muli chagada, palibe chimene mwalakwa. Ingotembenukani mugone cham'mbali, tulo tipitirire. Kwa mwana, mbali zonse ziwiri ndi zabwino. Kumanzere timakukonda chifukwa cha chilungulira. Choncho yambirani kumanzere pamene chifu chikadali ndi chakudya, ndipo m'bandakucha chiuno chakumanzere chikatopa, tembenukirani kumanja popanda mantha. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito pa tulo ta masana. Chafufumimba, mimba ikadali yaing'ono palibe vuto, ndipo ikakula yokha idzakuletsani.

Mng'ono wanga ankathawira ku chagada chifukwa cha chiuno, ndiye kungomuuza kuti "gona cham'mbali" sikukanathandiza. Tinayenera kukonza kuti cham'mbalicho chikome. Ndondomeko yake ndi iyi. Kodzani kaye musanalowe m'neti. Gonerani kumanzere, pindani maondo pang'ono. Ikani pilo pakati pa miyendo, kuyambira m'maondo mpaka mu akakolo, kuti mwendo wapamwamba usagwere kutsogolo n'kukoka chiuno. Ngati pilo palibe, zitenje zitatu zopinda pamodzi zikwana. Kenako pindani chitenje china kangapo n'kuchilowetsa pansi pa mimba, kuti mimbayo isalendewere n'kumakoka msana. Pomaliza kulungani bulangete molimba ngati mtolo n'kuliika kumbuyo, kuyambira m'mapewa mpaka m'matako. Limeneli ndi mlonda wanu: mukafuna kugubudukira chagada m'tulo limakutchingani, ndipo ngakhale mutalitsamira mumakhalabe chopendekeka. Ngati mumagona ndi abambo, sinthanani malo kuti iwo akhale kumbuyo kwanu. Mwana wamng'ono amene amagona nanu n'kumaponda mimba usiku, ino ndi nthawi yomuzoloweza kugona ndi azikulu ake kapena agogo, m'neti mwakemwake.

Usiku woyamba mng'ono wanga anadandaula kuti ndamumanga ngati katundu wa pa njinga. Usiku wachitatu ndinadzuka tambala atalira kale, n'kuzindikira kuti chitseko sichinatseguke.

Podzuka musatukuke chagada ngati mukudzidzimuka. Khalani cham'mbali, tsitsani miyendo, kankhani ndi manja mpaka mukhale tsonga, dikirani pang'ono chizungulire chisakugwetseni, kenako imirirani. Chilungulira chikakudzutsanibe usiku, khalani tsonga, imwani madzi pang'onopang'ono, ndipo musathamangire kugonanso mpaka moto utazirala.

Za mankhwala, ndi za soda makamaka

Pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi kapepala ka soda wophikira therere, ndipo pafupifupi mayi aliyense anauzidwapo kuti asungunule m'madzi amwe. Inenso pa mimba yoyamba ndinkamwa usiku uliwonse, mpaka anamwino a ku sikelo atandifunsa chimene ndikumwa n'kundiletsa. Kuthandiza amathandizadi kwa mphindi zochepa, ndipo apo ndi pamene pali msampha. Soda ali ndi mchere wambiri wa sodium umene umasunga madzi m'thupi n'kuwonjezera kutupa, ndipo akachuluka amasokoneza magazi a mayi ndi a mwana. Akakumana ndi asidi amapanga mpweya umene umafufumitsa chifu, mukageya asidi n'kukwera nawo. Kasoda kakang'ono ka m'therere kapena m'chigumu si nkhani, nkhani ndi kumwa ngati mankhwala. Mankhwala a ufa ogula m'golosale amene amachita thovu m'madzi, ambiri a iwo ndi soda yemweyo.

Phulusa, chidulo ndi dothi nazonso zisiyeni. Palibe amene angayeze mphamvu ya chidulo, ndipo dothi limabwera ndi njoka za m'mimba komanso limatchinga ayironi. Ngati mtima ukungofuna dothi, auzeni anamwino akuyezeni magazi, chifukwa nthawi zambiri chilakolako chimenechi chimayenda ndi kuchepa kwa magazi. Mankhwala azitsamba amene simukudziwa mphamvu yake musamwe pa mimba, ngakhale wokupatsaniyo ndi munthu amene amakukondani.

Mankhwala oyenera alipo. Malangizo a mu 2016 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, omwe aja amati mayi azipita ku sikelo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, amanena kuti choyamba ndi kusintha kadyedwe ndi kakhalidwe, ndipo zikakanika mayi apatsidwe mankhwala oziziritsa asidi, monga aja okhala ndi magnesium ndi aluminium. Ndi mapiritsi otafuna aja, kapena amadzi oyera ngati mkaka. Pemphani ku sikelo, musachite manyazi ngati kuti chilungulira ndi nkhani yochepa yosayenera kutayitsa anamwino nthawi. Imwani mlingo umene akuuzani. Ngati mukuona kuti mukuwafuna kangapo tsiku lililonse kwa masabata, bwereraninso. Adokotala ali ndi ena amphamvu, monga omeprazole, amene angakulembereni ataona kuti ndi oyenera.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala pa mankhwala oziziritsa asidiwa. Choyamba, amamanga ayironi m'mimba kuti asalowe m'magazi. Choncho pakati pa iwo ndi mapiritsi owonjezera magazi pazikhala maola osachepera awiri. Njira yosavuta ndi kumwa owonjezera magazi m'mawa mutadya phala, oziziritsa asidi madzulo. Mapiritsi owonjezera magaziwo nawo amatha kuputa chilungulira ndi nseru, koma musawasiye. Amwereni ndi kapu yodzadza ya madzi mutadya, osati pogona, ndipo akapitiriza kukuvutani auzeni anamwino.

Chachiwiri chikukhudza amayi amene akumwa ma ARV. Mankhwala amene ambiri akulandira masiku ano ali ndi dolutegravir, ndipo mankhwala oziziritsa asidi amamumanga chimodzimodzi, mphamvu yake n'kuchepa, pamene ndi mphamvu imeneyo imene ikuteteza mwana ku kachilombo. Lamulo lake ndi loti ma ARV amwedwe maola awiri musanamwe oziziritsa asidi, kapena patapita maola asanu ndi limodzi mutawamwa. Musanayambe mankhwala a chilungulira alionse, uzani amene amakupatsani ma ARV kuti akukonzereni nthawi.

Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin ogula nokha pa golosale amakanda chifu n'kukulitsa chilungulira, ndipo mimba ikakula akhoza kupweteka mwana. Mutu kapena msana ukawawa, Panado pa mlingo wake ndi amene amaloledwa. Koma ngati achipatala anakupatsani okha aspirin wa mlingo wochepa pofuna kupewa matenda othamanga magazi aja, ameneyo musamusiye, ingomumwani mutadya.

Masiku akayandikira ndipo mwauzidwa kukadikirira kuchipatala, kumbukirani kuti kumeneko bedi lanu la njerwa lija kulibe. Pa katundu amene mwakonza, beseni, zitenje za mwana ndi zina, onjezeranipo bulangete lakale ndi zitenje zitatu zapadera za pakati pa miyendo ndi pansi pa mimba, ndipo chikwama cha zovala chikhoza kulowa pansi pa mphasa kumutu. Amene akukudikirirani, kaya ndi amayi anu kaya apongozi, muwauze msanga za nthawi ya mgonero kuti aziteleka poto dzuwa lisanalowe. Amayi ena amapepukidwa m'masabata omaliza mwana akatsikira m'chiuno, ndipo kwa ambiri chilungulira chimatha mwana akangobadwa. Ngati chikupitirirabe pamene mukupita ku sikelo ya masabata asanu ndi limodzi mutachira, chitchuleni kwa anamwino kuti aone ngati si zilonda za m'mimba.